KODI ZIBOLIBOLI ZA KU CHINATOWN ZIIMIRA YANI?

Mu mzinda wa New York, m'dziko la America, muli dera lochedwa Chinatown, ndiko kunena mudzi wa Machaina. Pakati pa deralo pali mphambano yaikulu, Chatham Square, pamene pakomana miseu yambiri. Munthu wocokera pa mphambanoyo, akayenda pansi mphindi zowerengeka cabe, apeza zikumbutso zinai zimene Machaina anaimika pa nthawi zosiyana-siyana: cipata ca mwala cokumbukira asilikali, ciboliboli ca mphunzitsi wakale, ca nduna ya mfumu, ndi ca mtsogoleri wa ndale. Mu February 2024 akulu a mzindawo analengeza kuti apatula ndalama zoposa madola 50 miliyoni zokonzeranso mphambanoyo ndi miseu yoyandikana nayo, ndi kuti pamwamba pa zonse padzaimikidwa cipata catsopano colandirira alendo.

Mlimi amene amayembekezera fetereza kufikira mvula itagwa, kapena kholo limene mwana wake aphunzirira pansi pa mtengo, ali ndi cifukwa comveka cofunsira kuti mwala wosema upindulitsa ciani. Mwala sudyedwa, ndipo munthu sangaufunde usiku. Enanso amafunsa kuti mlendo atenga kuti mphamvu yoimika makolo ake pa bwalo la eni mudzi. Mafunso awa ndi oyenera, ndipo mbiri ya anthu amene anaimika zikumbutsozo ndiyo ingawayankhe.

Machaina anayamba kufika ku America mwaunyinji ca m'ma 1850, atamva mbiri ya golide wa ku California. Ambiri a iwo anali alimi osauka a ku cigawo ca Guangdong, kumwera kwa China. Golide atacepa analowa nchito ya njanji, ndipo oposa 10,000 anagwira nchito pa kampani ya Central Pacific, kuboola mapiri a Sierra Nevada ndi nyundo ndi wonga m'cisanu coopsya. Njanji yolumikiza kum'mawa ndi kumadzulo kwa dzikolo inatha pa 10 May 1869 ku Promontory Summit, m'dera la Utah, koma pa cithunzi cochuka cimene cinajambulidwa tsiku limenelo munthu amafuna-funa nkhope ya Mchaina osaipeza. Nchito itatha, ciyamiko cao cinali nkhanza. Ku Los Angeles mu 1871 khamu la anthu linapha Machaina osacepera 18, ndipo ku Rock Springs mu 1885 anaphanso 28 ogwira nchito m'migodi ya malasha. Mu 1882 nyumba ya malamulo inapanga lamulo lotsekereza anchito a Cichaina kulowa m'dzikomo, ndi loletsa amene anali kale m'katimo kukhala nzika.

Lamulo limeneli linakhalapo zaka 61. Amuna ambiri sanathe kuitana akazi ao, kotero anakalamba okha-okha m'tizipinda ta pamwamba pa masitolo, akucapa zobvala za anthu ena ndi kuphikira anthu ena. Kunalinso mwambo wina umene uonetsa bwino m'mene mitima yao inalili. Munthu akamwalira anali kuikidwa m'manda kwa zaka zingapo, pambuyo pake anzake anali kufukula mafupa, kuwatsuka, ndi kuwatumiza pa sitima ya pamadzi kuti akagone ku mudzi kwao. Akulu a kuno amati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka, ndipo lamulo la America linafuna kuti Machaina akhaledi mame. Mcewa kapena Mnsenga ali yense adziwa tanthauzo la ciliza: banja limene lamanga ciliza pa manda a kholo lao lanena poyera kuti malo awa ndi kwao, ndipo mfumu yomwe iganiza kawiri isanawasamutse. Anthu amene kale anali kutumiza mafupa kutsidya kwa nyanja, pamene anayamba kuimika miyala yolemera pa mphambano ya New York, anali kunena mau omwewo.

Mwala woyamba unaimikidwa mu 1962. Ndi cipata cosakula kweni-kweni, ca mwala wolimba, cimene anajambula katswiri wa zomanga-manga Poy Gum Lee, mwana wa m'dera lomwelo. Cikumbukira Machaina a ku America amene anafa pa nkhondo, ndipo cichedwa ndi dzina la Benjamin Ralph Kimlau, mnyamata woyendetsa ndeke ya nkhondo amene anaphedwa mu 1944 pafupi ndi New Guinea pomenyana ndi Japan. Lamulo la tsankho lija linali litafafanizidwa miyezi yocepa iye asanafe, kumapeto kwa 1943, cifukwa China anali bwenzi la America pa nkhondoyo. Ngakhale tero, Machaina ololedwa kulowa anali 105 okha pa caka. Anaimika cipataco ndi asilikali anzake obwerera ku nkhondo. Mu 2021 mzinda unacilemba m'gulu la malo otetezedwa ndi lamulo, patapita zaka 59.

Nkhani ya ciboliboli caciwiri ndiyo ifunika kuimvetsa bwino. Kumpoto pang'ono kwa mphambano kuli nyumba yaitali ya nsanjika 44, yochedwa Confucius Plaza, yokhala ndi nyumba za mabanja 762 pamodzi ndi sukulu. Inamangidwa ndi thandizo la boma kuti anthu a malipiro ocepa ndi apakati apeze pogona pa mtengo wosalemetsa. Koma pomanga, mu 1974, kunaoneka kuti kampani yomanga sinafune kulemba nchito Machaina, ngakhale kuti nyumbayo inali kumangidwa pakhomo pao peni-peni. Acinyamata ndi acikulire anaguba pa malowo masiku ambiri, ena anamangidwa ndi apolisi, kufikira kampani inagonja nilemba anchito 27 a mitundu imene inali kusalidwa, Machaina ali momwemo. Ciwerengero ndi cocepa, koma kwa anthu amene anazolowera kuweramitsa mutu cinali cinthu cacilendo.

Patsogolo pa nyumbayo ndi pamene paimirira Confucius, wosulidwa ndi mkuwa, wamtali kuposa mamita anai, nchito ya mmisiri Liu Shih. Anapereka ciboliboli cimeneci ndi bungwe lakale la Machaina a mu mzindawo, Chinese Consolidated Benevolent Association, pokumbukira zaka 200 za ufulu wa America, zimene zinakwanira mu 1976. Confucius anabadwa zaka 551 Yesu asanabadwe, ndipo ciphunzitso cake ndi ca kulemekeza makolo, kukonda maphunziro, ndi cakuti wolamulira ayenera kuyamba wadziongola yekha asanaongole ena. Tsono pa zaka zomwezo, ku China kweni-kweniko, dzina lake linali kunyozedwa. Mu 1966 acinyamata a gulu la Red Guards anaononga malo ake opatulika ndi manda a banja lake ku Qufu, ndipo kuyambira mu 1973 boma la Mao Zedong linayendetsa msonkhano ndi msonkhano wodzudzula ciphunzitso cake. Atsogoleri a bungwe la ku New York anali a mbali ya boma la ku Taiwan. Cotero ciboliboli cija cinali ndi mau awiri: kwa Aamerica cinati anthu awa ali ndi nzeru za makolo zakale koposa dziko la America lomwe, ndipo kwa Beijing cinati cimene mutaya inu, cili ndi ocisunga.

Mu 1965 America anasintha malamulo a olowa m'dziko, ndipo khomo linatseguka. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 kunafika anthu atsopano ocokera ku cigawo ca Fujian, maka-maka ku midzi yozungulira mzinda wa Fuzhou. Cilankhulo cao ndi ca anthu a ku Guangdong n'zosamvana, monga Mnsenga ndi Mlozi sangamvane ali yense akalankhula cakwao, ngakhale kuti Machaina onse amawerenga zilembo zofanana. Obwera kumenewa anakhala m'mbali mwa mseu wa East Broadway, kum'mawa kwa mphambano. Ambiri anabwera mozemba, atakongola ndalama zambiri kwa anthu ozembetsa anzao. Mu June 1993 sitima ya pamadzi yochedwa Golden Venture, itanyamula anthu 286, inatitimira mu mcenga pa gombe la New York, ndipo anthu 10 anafa poyesa kusambira kumka kumtunda. Kuyambira pamenepo dzina la Fujian linamveka ndi fungo loipa m'manyuzipepala: ozemba, a magulu a zigawenga, ogulitsa mankhwala osokoneza bongo. Machaina anzao akale naonso anali kuwayang'ana ndi diso la kumbali.

Yankho lao linali mwala. Anasonkha ndalama, ndipo mu November 1997 anaimika pa mphambano ciboliboli ca Lin Zexu, mwana wa ku Fuzhou, nkhope yake ataiyang'anitsa ku East Broadway kumene kukhala anthu a kwao. Pa tsinde pake analembapo, m'Cingelezi ndi m'Cichaina, kuti iyeyu ndiye anatsogolera nkhondo yolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo.

Mbiri ya munthu ameneyu iyenera kudziwika kuli konse kumene kunalamulidwapo ndi Britain. Angelezi anali kugula tiyi wambiri ku China, koma analibe katundu amene Machaina anali kumufuna. Anapeza njira: analimitsa ku India duwa lina lotulutsa opiamu, mankhwala oledzeretsa amene agwira munthu koposa camba, nagulitsa ku China mozemba ngakhale kuti mfumu inaletsa. Ndalama za siliva zinayamba kutuluka m'dziko, ndipo amuna ambiri, asilikali ndi akalaliki a boma omwe, anasanduka zitsiru zogona pa mphasa. Mu 1839 mfumu inatuma Lin Zexu ku doko la Canton, limene lero lichedwa Guangzhou. Iye analembera kalata Mfumukazi Victoria kuifunsa ngati cikumbu mtima cilola kugulitsa ciphe kwa anthu a dziko lina cifukwa ca phindu. Anatsekera amalonda acizungu m'nyumba zao zamalonda kufikira anapereka mabokosi a opiamu oposa 20,000. Kuyambira pa 3 June, pa gombe la Humen, anchito anakumba maenje akulu, nasanganiza opiamuyo ndi madzi, mcere ndi laimu, nathira zonse m'nyanja. Nchitoyo inatenga masiku 23. Britain anayankha ndi sitima za nkhondo. China anagonja, ndipo pa pangano la ku Nanking la 1842 anapereka cisumbu ca Hong Kong. Lin Zexu, amene anangocita zimene anatumidwa, anasenzetsedwa mlandu nathamangitsidwira kutali ku Xinjiang. Hong Kong anabwerera ku China pa 1 July 1997, miyezi inai ciboliboli cisanaimikidwe, ndipo palibe amene anaona ngati zangocitika mwangozi.

Ena amadandaula kuti ziboliboli ziwirizi zionetsa kugawanika, popeza cina n'ca anthu akale okonda Taiwan, cina n'ca obwera kumene amene ambiri ao mtima uli ku Beijing. Kugawanikako kulipodi, koma dandaulo ili lilibe mphamvu. Mudzi umene mabanja awiri apikisana pomanga ziliza za makolo ao ndi mudzi wamoyo. Cacikulu n'cakuti ziboliboli zimenezi sanazisankhe ndi kalaliki wa mu ofesi ya mzinda wofuna kukongoletsa mseu. Anthu anasankha okha munthu wowaimira, pa nthawi imene anali ndi mau ofuna kunena. Ndico cifukwa cake Ciboliboli ca Ufulu ca mu Lusaka, ca munthu wodula maunyolo, cimene cinaimikidwa mu 1974, sicifuna womasulira: amene anacimanga ndi amene anaciona tsiku loyamba anali atakhalamo m'nkhani imene cinena. Pa muyeso umenewu miyala ya ku Chatham Square ipambana, ndipo funso la mphamvu ya mlendo lagwa lokha, pakuti munthu amene agogo ake anamanga njanji ya dziko ndipo mbale wake anafera dzikolo pa nkhondo sachedwanso mlendo.

Komatu pali posowa. Msilikali alipo, mphunzitsi alipo, nduna ilipo. Wacinai ndi Sun Yat-sen, amene gulu lake linagwetsa ufumu wa China mu 1911. Ciboliboli cake cinaikidwa m'paki ya Columbus Park mu 2011. Onsewa ndi amuna a maina akulu, ndipo atatu a iwo sanakhalepo nzika za dera limene aimiriramo. Nanga amene anadyetsa Chinatown ali kuti? Kwa zaka zambiri cuma ca deralo cinali m'manja mwa amai osoka zobvala m'mafakitale mazana angapo, m'zipinda zotentha zopanda mpweya, olipidwa monga mwa kuculuka kwa zimene asoka, ana ao akusewera pansi pa makina cifukwa cosowa wowasiyira. Pa 24 June 1982, pamene eni mafakitale ena anakana kusaina pangano la malipiro ndi bungwe la anchito, anthu pafupi-fupi 20,000, ambiri ao amai, anasonkhana m'Columbus Park momwemo. Eni mafakitalewo anali Machaina anzao, ndipo anayesa kuwanyengerera kuti anthu a mtundu umodzi sakangana pamaso pa alendo. Amaiwo anakana, ndipo mu July eni nchito anasaina. Pa zikumbutso zinai zija palibe cimene cionetsa mai wokhala pa makina, kapena nkhalamba yosita malaya a eni ake usiku wonse. Cithunzi ca ku Promontory cinasiya kunja anchito a Cichaina, ndipo n'zomvetsa cisoni kuti miyala imene Machaina anadziimikira okha yasiyanso kunja anchito omwewo.

Pa mfundo iyi Zambia ali patsogolo pang'ono. Apaulendo ocokera ku Chipata, Katete ndi Petauke amapyola ku Chongwe pomka ku Lusaka, ndipo m'boma limenelo munatsegulidwa mu 2022 malo okumbukira Machaina amene anafa pomanga njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, imene inamangidwa kuyambira 1970 kufikira 1975. Okumbukiridwa kumeneko ndi anthu a nchito. Azambia ndi Atanzania naonso anafa pa njanji yomweyo, ndipo maina ao ayenera kusamalidwa mofanana.

Ngozi yoposa iyi ioneka ku Washington, likulu la America. Kumeneko mu 1986 kunamangidwa cipata cacikulu copingasa mseu wa H Street, mogwirizana ndi mzinda wa Beijing. Anacijambula ndi Alfred Liu, ndipo cili ndi madenga asanu ndi awiri ndi zithunzi zoposa 270 za cinjoka ca m'nthano za Machaina. Kukongola kwake palibe angatsutse. Koma pa nthawi imene cipata cinali kumangidwa, anthu anali atayamba kale kucoka. Nyumba zina zinagwetsedwa kuti pamangidwe holo yaikulu ya misonkhano, mu 1997 panatsegulidwa bwalo lalikulu la masewera, ndipo lendi inakwera kufikira sitolo ya munthu wamba sinathe kupirira. Pofika mu 2015 Machaina okhala m'deralo, amene kale anali pafupi-fupi 3,000, anatsala ngati 300, ndipo ambiri a iwo anali nkhalamba za m'nyumba imodzi, Wah Luck House, yomangidwa mu 1982. Mabanki ndi malo odyera a makampani akulu anapacika maina ao m'zilembo za Cichaina kuti dera lioneke monga kale, pamene owerenga zilembozo anali atasamuka. Munthu wa kumudzi adziwa dzina la malo otere. Ndi bwinja: mitengo ya mango ikali ciimire, ziliza zikali pomwepo, koma utsi suoneka pa denga liri lonse. Kusiyana kwake n'kwakuti bwinja la ku Washington analimangira cipata ca mtengo wapatali kuti alendo azijambulitsapo zithunzi.

Apa ndi pamene funso la mlimi uja lipeza mphamvu yake. Confucius wa ku New York ali ndi ulemu cifukwa kumbuyo kwake kuli mabanja 762 amene lendi ya pamsika siingawathamangitse mosabvuta, ndipo ana otuluka m'sukulu amapita pa mapazi ake tsiku ndi tsiku. Nyumba inayamba, ciboliboli cinatsatira. Ku Washington cipata cinafika pamene mizu inali kuzulidwa.

New York sali kutali ndi ngozi yomweyo. Pa 11 September 2001 nyumba zazitali za World Trade Center zinagwetsedwa pa mtunda waufupi kucokera ku Chinatown. Miseu inatsekedwa, malole a nsalu sanathe kulowa, ndipo mafakitale a zobvala, amene anali atafooka kale cifukwa ca katundu wochipa wocokera kunja, anatsekedwa ambiri. Mseu wa Park Row, wocokera pa mphambano kumka ku maofesi a mzinda, unatsekedwa kwa magalimoto a anthu wamba cifukwa upita pa likulu la polisi, ndipo amalonda anadandaula zaka ndi zaka. Zipinda zimene munali makina osokera zinasanduka maofesi ndi nyumba za olemera. Mabanja ambiri anasamukira ku Flushing ndi ku Sunset Park, mbali zina za mzinda. Ndiponso mu 2019 khonsolo ya mzinda inabvomereza kumanga ndende yaikulu ya nsanjika zambiri pa White Street, pafupi ndi Columbus Park, ngakhale kuti anthu a m'deralo anakana ndi kuguba. Mzinda womwewo umene unakana kumva mau ao pa za ndende ndiwo unalonjeza cipata mu 2024, ndipo munthu sangawadzudzule akakayikira mphatsoyo.

Cipata catsopano si coipa pa ico cokha. Ambiri a m'deralo akhala akucifuna, pakuti mizinda ina monga San Francisco, London ndi Liverpool ili nazo zipata zao, ndipo alendo obwera kudzaona amagula cakudya ndi katundu kwa amalonda ang'ono-ang'ono. Cimene akulu a mzinda ayenera kuyankha poyera n'cakuti pa dola iri yonse yopita ku mwala, ndi zingati zipita ku nyumba zotsika mtengo ndi ku lendi ya masitolo a anthu wamba. Ndiponso kuti pa cipatapo padzaoneka nkhope ya yani. Zinjoka ndi mikango ya mwala ziri m'Chinatown ali yense pa dziko lapansi, ndipo mmisiri angathe kuzitengera m'buku. Makina osokera, simbi ya wocapa zobvala ndi nyundo ya pa njanji ndi za anthu awa okha. Mai amene anali ndi zaka 30 pa kunyanyala nchito kwa 1982 anali ndi zaka 72 pamene mapulani analengezedwa. Nkhalamba za Chinatown zimasonkhana m'Columbus Park m'mawa ndi madzulo, ena kusewera njuga ya makhadi, ena kuimba nyimbo za kwao, pafupi ndi mapazi a Sun Yat-sen. Ojambula cipata akafuna kudziwa cimene ciyenera kusemedwapo, ayambe kufunsa pa mabenchi amenewo, m'Cikantoni ndi m'Cifuzhou, anthu aja asanathe.